Ku Salem sanawotche mfiti

Mvula ikagwa ku Salem, m'chigawo cha Massachusetts ku America, alendo amathawira m'masitolo a zipewa zosongoka zoyerekezera za mfiti ndi m'nyumba zoonetsa zinthu zoopsa. Ambiri amabwerako akukhulupirirabe kuti kumeneku ankawotcha mfiti. Ayi ndithu, palibe ndi mmodzi yemwe anawotchedwa.

Pa milandu ya 1692, anthu oposa 200 anawanamizira ufiti. Amene khoti linawapha anali 19, akazi 14 ndi amuna 5, ndipo onse ananyongedwa ndi chingwe. Giles Corey, mkulu wina amene anakana kuyankha mlandu, anamusanjikiza miyala pachifuwa mpaka anamwalira. Ena anafera m'ndende. Nthawi imeneyo Massachusetts inkatsata malamulo a ku England, kumene chilango cha ufiti chinali chingwe. Zowotcha zinkachitika ku Scotland ndi ku Germany, ndipo nkhani zakumeneko zinangosakanikirana ndi za Salem.

Ngati muli ndi ambulera, pitani pa malo okumbukira anthuwa omwe anatsegulidwa mu 1992 pafupi ndi manda akale a mumsewu wa Charter. Pali mabenchi 20 amwala, lililonse lili ndi dzina, tsiku ndi imfa yake. Pa benchi la Corey analembapo za miyala ija.

Nyumba yotchuka ya Witch House, kutanthauza Nyumba ya Mfiti, nayonso imasocheretsa anthu. Munalibe mfiti, munkakhala Jonathan Corwin, mmodzi wa oweruza milandu ija. Ndipo chipwirikiti chonsechi chinayambira ku Salem Village, komwe lero ndi tauni ina, Danvers.