Makina a AI oyang'anira ubongo wa khanda: mafunso ndi mayankho

Kodi makinawa amaona chiyani chimene namwino sangachione?

Amaona njirinjiri yobisika. Makanda ambiri ikawagwira sagwedezeka n'komwe. Vutolo limangooneka pa EEG, chipangizo chojambula mphamvu ya magetsi ya mu ubongo kudzera m'timawaya tomata pamutu. Katswiri wowerenga EEG sakhala pa wodi usiku wonse, pamene pulogalamu ya AI (kompyuta yotsanzira nzeru za munthu) imawerenga mosalekeza n'kuliza belu ikaona mafunde obwerezabwereza pa zojambula za EEG. Kuti atchedwe njirinjiri, mafundewo amayenera kutenga masekondi osachepera 10.

Ndi makanda ati amene amalumikizidwa?

Makamaka amene anabanika pobadwa, ubongo n'kuperewera mpweya. Otere amaziziritsidwa thupi kufika madigiri 33.5 kwa maola 72, kuyamba pasanathe maola 6 chibadwire. EEG isachotsedwe pomutenthetsanso mwanayo, chifukwa njirinjiri imatha kubwerera nthawi imeneyo.

Belu likalira, apatsidwe mankhwala pomwepo?

Ayi. Lamulo n'lakuti belu limangoitana munthu. Namwino ayambe waona khandalo ndi timawaya, alembe nthawi ndi zimene zimachitika, kenaka dokotala aone yekha mafunde enieniwo. Akatsimikiza, mankhwala oyamba amakhala phenobarbital, mamiligalamu 20 pa kilogalamu iliyonse ya thupi. Pano ndi pamene ambiri amapusitsika: mankhwalawa amatha kuletsa kugwedezeka kwa thupi koma mu ubongo njirinjiri ikupitirira. Khanda kugona phee si umboni woti zatha.

N'chifukwa chiyani nthawi zina limalira pachabe?

Chilichonse chobwerezabwereza chimatha kulisokoneza: kumusisita kapena kumuphaphatiza mwana pamsana, ntchikwi, kuyamwa, makina othandiza kupuma, ngakhale kugunda kwa mtima. Kawaya kakamatuka kapena mafuta opaka pomwe kamatidwa akauma, zojambulazo zimadetsedwa. Belu lolira pafupipafupi limatopetsa anthu mpaka amayamba kulinyalanyaza, ndipo zimenezi n'zoopsa kuposa kusakhala nalo.

Pali umboni woti zimathandiza?

Ulipo, koma uli ndi malire. Pulogalamu ya ANSeR, yopangidwa ku University College Cork ku Ireland, inayesedwa pa makanda 264 m'zipatala 8 za ku Ulaya, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2020. Sinachulukitse chiwerengero cha makanda opezeka ndi njirinjiri, koma madokotala oigwiritsa ntchito anazindikira maola ambiri amene njirinjiriyo inkachitika kuposa anzawo amene analibe.