Mbali zofanana si umboni woti kona yakhala

Mayi wina ku Chibavi anandiitana kuti ndikaone zenera limene galasi lake linkakana kulowa. Anali atapima kale ndi tepi, mbali zinayi zonse za felemu masentimita 60. "Nanga vuto lili pati, bambo? Zonsetu n'zofanana." Vuto linali m'makona.

Chinthu cha mbali zinayi zofanana chimatchedwa sikweya pokhapokha ngodya zake zonse zikhale madigiri 90, yomwe kusukulu amati right angle. Felemu ija inali itapendama. Ngodya ziwiri zinapanikizika n'kuchepera 90, zimenezo ndi acute, pomwe ziwiri zinazo zinayasama kupitirira 90, zimenezo ndi obtuse. Dzina la chinthu chotere ndi rhombus. Mukawonkhetsa ngodya zinayizo mupezabe 360, poti zomwe ina yataya, inzake yatola.

Kuyesa sikulira chida chodula. Pindani pepala, mulipindenso motsatira mzere woyambawo, kona yotulukapo ndi 90 ndendende. Ilowetseni pangodya yomwe mukuikayikira. Ikasiya mpata ndiye kuti ndi obtuse, ikakana kulowa ndi acute. Pamaziko a nyumba amisirife timakhoma zikhomo n'kukoka chingwe: mamita 3 mbali iyi, mamita 4 mbali inayo, ndipo pakati pa nsonga ziwirizo pakakwana mamita 5, kona yakhala. Anyamata amene ndimawaphunzitsa ntchito amaichita bwino nkhaniyi osadziwa kuti ndi masamu a Pythagoras omwe ankawathawa ku sekondale aja.

Thirayango ndiye yosavuta kuizindikira, chifukwa ngodya zake zitatu zimakwana 180 basi. N'chifukwa chake singakhale ndi right angle ziwiri, kapena obtuse ziwiri; ziwiri mwa ngodya zake zimakhala acute nthawi zonse, ndipo yaikuluyo ndi imene imapatsa thirayango dzina. Tayang'anani thirasi (chimango chonyamula denga) ya matabwa a ku Chikangawa isanafoleredwe malata. Mvula ya kuno ku Mzuzu sifuna denga logona, ndiye tinene kuti mbali iliyonse yakwera madigiri 25. Pansonga patsala 130, kutanthauza kuti thirasiyo ndi thirayango ya obtuse. Zikakhala 60 zonse zitatu, mbali zakenso zimalingana.

Mbali zikamachuluka, ngodya zimanka ziyasama. Tizipinda ta m'chisa cha njuchi tili ndi mbali 6 ndipo ngodya iliyonse ndi 120. Chikwangwani chofiira cha STOP pamsewu chili ndi mbali 8, ngodya 135.

Ku Chibavi kuja tinapima felemu mopingasa, kona ndi kona. Uku 83, uku 86. Tinaizula, n'kuikankha pang'onopang'ono mpaka konse kunawerenga 85, galasi n'kulowa lokha.