Ayi, timu yanu sinapulumuke: za kalata yomwe imazungulira ligi ikatha

Ligi ikangotha, m'magulu a WhatsApp mumagwa chithunzi cha kalata yooneka ngati yachokera kwa akuluakulu a mpira. Imati timu yomwe yatsika ija sitsikanso, ati ligi yawonjezera matimu, kapena timu ina yalandidwa mapointi chifukwa choseweretsa wosewera wosaloledwa. Chaka chilichonse nkhani ndi yomweyo, amangosintha dzina la timu.

Zoona zake n'zakuti chiwerengero cha matimu otsika chimalembedwa m'malamulo mpikisano usanayambe. Mu Premier League ya ku England muli matimu 20, ndipo atatu a kumunsi amatsika basi.

Kupulumuka ndi chigamulo kumachitika ndithu, koma osati mobisa. Mu 2006 ku Italy, Juventus inatsitsidwa pa mlandu wokhudza oyimbira, ndipo Messina, yomwe inali itatsika kale, inatsala mu Serie A, ligi yaikulu ya dzikolo. Mlanduwo unazengedwa dziko lonse likuonerera. Everton ya ku England nayo inalandidwa mapointi 10 mu November 2023, ndipo itachita apilo chilango chinatsika kufika pa 6. Zonsezi zinalengezedwa poyera.

Ndiye kalatayo ikakupezani, iyang'anitsitseni. Nthawi zambiri ilibe deti, chidindo chake n'chozimirira, ndipo dzina la timu lalembedwa ndi zilembo zosiyana ndi zinzake. Tsegulani tsamba lenileni la ligi ndi la timuyo. Nkhani yaikulu chotere atolankhani a zamasewera sangakhale nayo chete.

Ndikudziwa kuti kutsika kumapweteka, inenso ndinadutsamo. Komabe ngati mwaipeza m'gulu mokha, chonde musaitumize kwa ena, ndipo amene waiponyayo mumufunse komwe waitenga.