Khungu lomata pabala la moto limachokera pathupi panu pomwe

Kuno ku Johannesburg kukazizira mu June ndi July, anthu ambiri amapsa ndi mbaula kapena masitovu a parafini. Ndiye m'magulu a WhatsApp a Amalawi mukuyenda mphekesera yoti mukagonekedwa kuwodi ya opsa kuchipatala cha Chris Hani Baragwanath, madokotala amakumatani khungu la munthu wakufa, n'kukhala nalo moyo wonse.

Limeneli ndi bodza. Thupi limakana khungu la munthu wina. Akaligwiritsa ntchito, limangophimba bala kwa kanthawi, kenako amalichotsa. Lokhalitsa amalisenda pathupi panu pomwe, kawirikawiri pantchafu, lopyapyala kwambiri, n'kuliboolaboola ngati ukonde kuti litambasuke, komanso kuti madzi a m'bala azituluka. Pantchafupo pamawawa ndithu, ena amati kuposa pabala penipenipo, koma pamapola pakatha milungu iwiri kapena itatu.