Kuno ku Chigwa cha Shire Mbande Sizifa ndi Chisanu, Zimapsa

Seputembala akangolowa, funso limene alangizi amalandira ndi lomwe lija la chaka chatha: mbande zanga zikufota, ndipopere mankhwala anji? Musapopere chilichonse. Yambani mwaika chikhatho chanu pa dothi la pabedi cha m'ma 1 koloko masana. Ngati inu, munthu wamkulu wa zikhatho zozolowera khasu, mwachotsa dzanja musanawerenge kufika pa 10, nanga kambande ka tomato ka masiku asanu kapirira bwanji tsiku lonse?

Ndiye pali ena amene aona pa Facebook anthu akufunditsa mbewu ndi mapulasitiki, nawonso ayamba. Malangizo amenewo ndi a kumalo kumene chisanu chimawauka masamba usiku, monga ku Dedza, ku Tsangano kapena ku Nyika m'miyezi ya Juni ndi Julaye. Ku Nchalo, ku Ngabu, ku Bangula mpaka ku Nsanje tili pansi kwambiri, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Pulasitiki woonekera amalowetsa dzuwa koma satulutsa kutentha. Mukafunditsa nazale m'mawa, pofika masana mwaphika ndiwo.

Chofunika ndi shedi, ndipo shedi yake ikhale yoganizira. Bedi likhale mita imodzi mulifupi kuti muzifikira pakati osapondapo. Zikani mafoloko m'mbali, denga likwere pafupifupi mita imodzi kuti mphepo izidutsa pansi pake. Pamwamba yalani udzu, bango kapena mlaza mopyapyala, moti mukayang'ana pansi muone mthunzi wa mawangamawanga, theka kuwala theka mthunzi. Ambiri amafolera ngati nyumba yogona. Mbande za mumdima wotere zimathamangira kuwala, zimatalika, zimaonda ngati ulusi, masamba n'kutuwa, ndipo tsiku lowokera zimangogona. Mbali ya kum'mawa isiyeni poyera kuti dzuwa la m'mawa lilowe. Tchingani kumadzulo, chifukwa dzuwa loswa mtengo limachokera kumeneko. Udzu umene munaphimbira pofesa muuchotse mbewu ikangoyamba kutuluka: mpiru ndi kabichi pakatha masiku 4 mpaka 6, tomato 5 mpaka 8. Mukachedwa ndi masiku awiri okha, mphukira zimapindikira mu udzumo.

Vuto limene limatayitsa anthu ndalama zambiri ndi la mbande zogwera pansi zili zobiriwira. Wina akangoona zagwa akuti ndi matenda, wathamangira ku sitolo. Gwadani, zulani kamodzi muyang'ane pamene tsinde lakhudzana ndi dothi. Ngati pamenepo paphwa, patuwa, paonda ngati pamangidwa ulusi koma ndi pouma, mizu ili yoyera bwinobwino, ndiye kuti dothi lotentha lawotcha khungwa. Kawirikawiri zimayambira m'mphepete mwa bedi kumene mthunzi sufika. Ngati pamenepo ndi ponyowa, pabulauni, potelera mukafinya, ndipo mbande zikugwa mozungulira malo amodzi n'kumafalikira, uko ndi kuola kobwera ndi chinyezi chochuluka, kufesa mothinana ndi shedi yothithikana. Zooneka ngati zofanana, koma machiritso ake ndi otsutsana. Choyambacho chifuna mthunzi ndi kaudzu kodulidwadulidwa pakati pa mizere kuti dothi lizizire. Chachiwiricho chifuna muchepetse madzi, mupatulire, mupepuze denga. Munthu wa mbande zoola akamva mnzake akuti onjezera madzi, nazale yonse imatha m'masiku atatu.

Madzi thirirani m'mamawa dzuwa lisanakwere ndiponso madzulo litapendeka, ndi kheni ya chisefa. Kheni ya malita 10 ikwanire mamita awiri a bedi pa ulendo umodzi, koma chala chanu ndicho chiweruze: chilowetseni mpaka pa mfundo yachiwiri, ngati pali chinyezi dikirani. Kuwaza pang'onopang'ono kasanu pa tsiku kumanyowetsa pamwamba pokha, mizu n'kutsatira madziwo kumtunda, kumene dothi likutentha kwambiri. Ndipo lawani madzi anu. Mijigo ndi zitsime zambiri m'Chikwawa ndi Nsanje zili ndi mchere. Mukaona kutuwa ngati phulusa pamwamba pa bedi, nsonga za masamba zikupsa, ndi mcherewo, ndipo umachuluka pamene mukuthirira mongonyambitsa. Pamenepo thirirani mokwanira kuti utsike pansi pa mizu, kapena tengani madzi a mumtsinje a nazale yokhayo.

Kukhwimitsa mbande anthu amakudumpha ngati mwambo wachabe. Kwatsala masiku 7 mpaka 10 kuti muwokere, yambani kuchotsa udzu wa padenga pang'onopang'ono tsiku lililonse, ndi kuchepetsa madzi, mpaka masiku awiri omaliza mbande zikhale padzuwa tsiku lonse. Tsinde limalimba, masamba amakhuthala. Tomato awokeredwe ali ndi masabata 4 kapena 5, masamba enieni 4 mpaka 6; anyezi adikire mpaka masabata 6 mpaka 8. Tsiku lowokera nyowetsani nazale kuti mbande izuke ndi dothi lake, thirani madzi m'phando musanaike mbande, ndipo ntchitoyi iyambe 4 koloko madzulo kuti mbewu ikhale ndi usiku wonse wopuma. Wowokera 10 koloko m'mawa chifukwa aganyu apezeka nthawi imeneyo asadzadandaule. Kumadzulo kwa mbande iliyonse zikani kanthambi ka masamba kwa masiku atatu kapena anayi. Phimbirani ndi udzu wouma wokhuthala masentimita 5, koma usakhudze tsinde, chifukwa chiswe sichichedwa.

Mbewu yofota masana n'kudzuka madzulo ikungodziteteza, isiyeni. Yodetsa nkhawa ndi imene mwaipeza yofota m'mamawa dothi lili lonyowa. Zulani imodzi. Mizu ikakhala ndi timfundo totupa, muli tinyongolotsi ta m'nthaka. Ngati mizu ilibe timfundo, dulani tsinde la tomato muliviike m'tambula ya madzi oyera. Mukaona utsi woyera ngati mkaka ukutsika kuchokera podulapo, ndi matenda ofotetsa, ndipo palibe chopopera chimene chingawachotse. Zulani, mukatayire kutali ndi dimba, pamalopo musabzalenso tomato, mabiringanya kapena tsabola posachedwa.

Za kuchedwa kufesa nazo zinenedwe. Tomato amayoyola maluwa masana akamapitirira madigiri 35 usiku n'kukhalanso kotentha, chifukwa mungu umafa. Wofesa mu Marichi kapena Epulo, madzi a Shire atayamba kubwerera, maluwa ake amatuluka nthawi yozizira, kuyambira mu Meyi mpaka Julaye. Wofesa mu Seputembala pothamangira mitengo yokwera ya mu Disembala adziwiretu kuti adzaona tchire lobiriwira la zipatso zowerengeka. Apa ndi pamene amalowera amalonda a timabotolo topanda chizindikiro a m'misika, akuti mankhwala ogwiritsa maluwa, akuti busita. Botolo lopanda dzina, lopanda mlingo, lopanda tsiku lothera ntchito, simudziwa chimene mwagula. Ena mumafika pothira yureya pa mbande yofota kuti idzuke. Feteleza ali ngati mchere. Pa dothi louma amakoka madzi kuchoka m'mizu, ndipo mmawa mudzapeza masamba apsa m'mphepete. Dikirani masiku 10 mpaka 14 mbande igwire, thirirani kaye, kenako ikani feteleza masentimita 10 kuchoka pa tsinde.