Chikalata cha makolo sichivumbulutsa mbalame

Ndatopa kumva ogula agalu a spaniel, agalu othandiza alenje posaka mbalame, akunena kuti galu wawo adzasaka bwino chifukwa chikalata cha makolo ake chadzaza ndi zilembo za FTCh, zimene amapatsidwa agalu opambana pa mipikisano ya kutchire. Anthu amene anaumba agaluwa ku Britain sankasankha motero. Mpikisano woyamba wa agaluwa unachitika mu 1899 ku Sutton Scarsdale, m'dera la Derbyshire, pamalo a William Arkwright, ndipo oweruza ankafuna kudzionera okha galu akusakasaka m'zitsamba pafupi ndi mlenje, akuvumbulutsa nyama, akukhala pansi mfuti ikalira, kenako n'kubweretsa nyamayo osaiphwanya ndi mano.

Rivington Sam, wa m'khola la C. A. Phillips, ndiye spaniel woyamba wa mtundu wa springer kulandira ulemu wa FTCh, koma mayi wake anali cocker, mtundu wina wa spaniel, kutanthauza kuti opembedza zikalata a masiku ano akanamukana. Hales Smut, wa zaka za m'ma 1960, sanalandire n'komwe ulemuwo, komabe dzina lake lili m'mizere ya ma springer ambiri ogwira ntchito, chifukwa oweta anaona kasakidwe kake n'kumamupititsira agalu awo aakazi. Ndipo Speckle of Ardoon, cocker amene anatenga chikho chachikulu cha ma cocker mu 1972, 1973 ndi 1974, anali m'manja mwa mphunzitsi wa agalu Keith Erlandson. Magazi anali nawo, inde, koma manjawo anthu amawaiwala msanga.

Pali galu mmodzi amene amandiwawitsabe mtima. Anali springer wamkazi wa mzere wabwino ndithu, wa mphuno yakuthwa, ndipo mwini wake anamupereka kwa munthu wina wodzitcha mphunzitsi, amene analonjeza kumumaliza m'masabata ochepa. Munthuyo anaombera mfuti pamwamba pa mutu wa kagaluko kasanazolowere ngakhale phokoso lakutali. Mwini wake ataona kuti galu wayamba kunjenjemera, anadikira nyengo yonse yosaka, akudzitonthoza kuti magazi abwino adzakonza okha zinthu. Pamene ankafika naye kwa ine, galuyo ankangoti akamva kaphokoso ka mfuti ikutsekedwa, mchira pansi, n'kukadzipanikiza pansi pa galimoto. Akanabwera sabata yomweyo tikanayambiranso pang'onopang'ono, phokoso lili kutali, iye ali kalikiliki kutola chinthu chimene amachikonda. Mantha anali atazika kale mizu, ndipo sanasakenso.

Choncho musanagule mwana wagalu, pemphani kuona mayi wake akugwira ntchito kutchire, ndipo wogulitsa akamazemba n'kumakulozerani mayina a pa pepala, chokanipo. Mphunzitsi wolonjeza galu womaliza m'masabata ochepa, kapena wokana kuti muonerere akuphunzitsa, musamusiyire galu wanu. Galu akayamba kuopa mfuti, lekani kuombera pafupi naye tsiku lomwelo, ndipo funani thandizo sabata isanathe.