Mapointi 10 a Neville

Mayi ena a ku Rosettenville anandiimitsa pageti la sukulu, buku lili m'manja. "Aphunzitsi, mwayamba kuphunzitsa ana athu ufiti kodi?" Linali buku loyamba la Harry Potter, lomwe J.K. Rowling anatulutsa ku Britain mu 1997. Sindinawaseke. Kwathu mawu akuti mfiti achititsa kuti agogo ambiri athamangitsidwe m'midzi, ndiye mantha a mayiwo ndinawamvetsa.

Koma ine amene ndimawerenga bukuli ndi ana a Giredi 6 kuno ku Joni ndimaona zina. Za ndodo zamatsenga ndi masache ouluka anawo amangoseka n'kupitirira, monga tinkachitira ife Kalulu akamayankhula m'nthano. Pamene amakangana mpaka belu kulira ndi pa nkhani ya anzake a Harry.

Harry ali ndi zaka 11, msinkhu womwe mawu a mnzake amayamba kulemera kwa mwana kuposa a makolo. Pa msinkhuwu ana amati kukhulupirika ndi kubisirana basi. N'chifukwa chake amamukonda Hermione pamene akunamiza aphunzitsi kuti Harry ndi Ron asalangidwe atalimbana ndi chimphona m'bafa. Amamukondanso Ron podzipereka kuti amenyedwe pa masewera a chesi, anzake adutse. Apa palibe mkangano: mnzako akapsa ndevu mzimire.

Pavuta ndi pa Neville Longbottom, kamnyamata koiwalaiwala, kamantha, kosekedwa ndi aliyense. Usiku umene atatuwo akuzemba m'nyumba yawo ya pasukulu, iye akuwaimirira pakhomo, zibakera atakunga, kuti asaphwanyenso malamulo. Hermione akumuumitsa ndi matsenga, iwo n'kudutsa. Ndikafika apa ndimatseka buku n'kufunsa: Neville ndi mnzawo kapena ayi? Manja ambiri amakana. Wina amakuwa kuti ndi impimpi, mawu amene ana athu atola kwa anzawo a kuno, kutanthauza kazitape woulula anzake. Chonsecho Neville sanakanene kwa mphunzitsi aliyense. Anawauza pamaso, iwo eni, akudziwa kuti mwina ubwenzi uthera pomwepo.

Wolembayo anaika dala mfundoyi pamasamu. Kumapeto kwa chaka, Dumbledore, mphunzitsi wamkulu wa sukuluyo, akupereka mapointi 50 kwa Ron, 50 kwa Hermione, 60 kwa Harry, ndipo nyumba yawo ya Gryffindor ikungofanana ndi nyumba yopikisana nayo ya Slytherin pa 472. Chikho cha nyumba yopambana chikubwera ku Gryffindor ndi mapointi 10 a Neville, opatsidwa chifukwa cholimba mtima kutsutsa anzake.

Kwa mwana wa Mmalawi kuno, iyi si nkhani yaing'ono. Mwana amene watchulidwapo kuti kwerekwere (mawu onyoza anthu obwera kuchokera m'mayiko ena) pabwalo la sukulu, akapeza kagulu komulandira amakagwira ndi manja awiri. Akamuuza kuti sunga foni iyi m'chikwama chako, asunga. Akati tijombe tipite ku mall, apita. Kukana kumamuopsa kuposa chilango cha ahedi, pakuti akakana abwerera kukadya yekha pa buleki. Ana oterewa kuwalalikira sikuthandiza kwenikweni. Za Neville amayankhula momasuka chifukwa akuona ngati akukamba za munthu wina.

Mayi aja ndinawapempha kuti mutu 16, momwe muli nkhani ya Neville pakhomo ija, auwerenge ndi mwana wawo, amufunse funso lomwelo. Patatha sabata anabweranso pageti. Za ufiti sanazitchule. Anangoti mtsikanayo wati Neville analakwa, ndipo mayiwo akufuna kudziwa kuti anzake amene amayenda nawo masiku ano ndi ana a ndani.